Buluku la Malemu

Atelala anakwatiwa kamodzi kokha m'moyo wawo, ndipo mwamunayo ankamutchula kuti Malemu. Musafulumire kupepesa. Munthuyo anali wamoyo, wonenepa bwino, woyang'anira nkhokwe pa kampani ina ya simenti, ndipo akamadutsa mumsewu anthu ankamupatsa moni mochita kuwerama. Kungoti Atelala anamukwirira mumtima mwawo tsiku lomwe anawatulutsa m'nyumba. Kuyambira pamenepo aliyense wowafunsa za banja ankamuyankha ndi nkhope ya namfedwa kuti, "Bambo anatisiya." Tinene zoona, sikunali kunama.

Ankasokera pakhonde, pakati pa ometa tsitsi ndi okonza mafoni. Anali mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, tepi m'khosi, mapini pakamwa, moti ngakhale pini palibe ankalankhulabe ndi mbali imodzi ya mlomo. Ntchitoyi anaiphunzira kwa azakhali awo ali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndipo azakhaliwo anawasiyira kabokosi ka ulusi ndi mawu amodzi: msoko wa munthu ndi nkhope yake. Chomwe Atelala asoka sichinkabwerera. Diresi inkatha, n'kusanduka chokolopera, msoko wake uli gwa.

Chala chawo cholozera cha kumanja chinali chokhota ngati mbedza. Makasitomala akafunsa ankati ndi nyamakazi. Nyamakaziyo inali chitseko cha kuchipinda, ndipo wokankha chitsekocho anali Malemu, chaka chachitatu cha banja lomwe linatenga zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Mapeto ake, tsiku lina pobwera kuntchito anapeza katundu wawo panja, mutu wa makina uli m'beseni. Masabata awiri asanathe, alamu awo anabwera kudzawauza, ndi chisoni chooneka kuti chikuwakomera, kuti m'nyumba muja mwalowa kale wina. Wamng'ono.

Mtsikanayo Atelala sanamuonepo, ndipo sanafune n'komwe. Anangomupatsa dzina loti Nsikidzi, poti imagona pabedi pomwe sinayale. Chomwe chinkawawawa kuposa chala chinali makatani. Achikasu, a timaluwa ting'onoting'ono, osoka okha, mpendero wopinda kawiri. M'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi, akamavundukula makina, ankaona m'maganizo Nsikidzi ikutsegula makatani awo. Ndiye analumbira zinthu ziwiri. Choyamba, singano yawo sidzakhudzanso chovala cha Malemu mpaka imfa, yeniyeniyo. Chachiwiri, tsiku lodzakumana ndi Nsikidzi, sizasi idzalankhula. Osati pakhungu ayi, Atelala sanali achiwembu. Tsitsi ndi diresi basi.

Lachinayi lililonse ikamakwana 2 koloko ankanyamula makina aang'ono opukusa pamanja n'kupita kuseri kwa chipatala, ku kachipinda kosungiramo masikelo owonongeka ndi makatoni. Mmenemo munkakumana amayi khumi, nthawi zina khumi ndi awiri, onse odziwa kulemera kwa dzanja la mwamuna, ena odziwa zoposa dzanja. Wotsogolera gululo anali Anesi, opuma pantchito, mayi woti akakuyang'ana pamwamba pa magalasi umayamba kuulula ndi zomwe sunafunsidwe. Malamulo awo anali atatu. Za muno zimatsala muno. Wina asafunse mnzake kuti bwanji osangochokako. Ndipo mwamuna satchulidwa dzina.

"Dzina lili ndi miyendo," ankatero Anesi. "Ukalitchula muno, mawa ulipeza likukudikira pageti."

Choncho m'chipindamo munkamveka za Bokosala, za Chimphepo, za Wokoma-pa-anthu, ndi za Malemu.

Theka la amayiwo anali asanachoke m'nyumba zawo. Kuti atuluke Lachinayi pankafunika chifukwa, ndipo chifukwacho chinali Atelala. Mayi ankatsanzika kunyumba kuti akupita kwa telala, atanyamula siketi yakufa zipi, ndipo pobwerera siketiyo inkayenera kukhala itachira. Ena akamalankhula, ena akamalira, makina ankalira nawo pakona. Panali amayi ena ankachita kudula batani ndi mano panjira.

Chaka chatha kunabwera mtsikana wowonda, wovala juzi dzuwa likuswa mtengo. Anatha masabata atatu osatsegula pakamwa, mpaka Wailesi, mayi wa saluni yemwe dzina lake likudzifotokoza lokha, anamutcha Chete. Chete ankakhala pafupi ndi makina, ndipo ataona Atelala akulimbana ndi diso la singano, anangolanda ulusi n'kuwalowetsera. Inakhala ntchito yake. Atelala, omwe sankakonda munthu msanga, anayamba kumutchula kuti mwana wanga. Chete atayamba kulankhula, ankamutchula mwamuna wake kuti Abwana, ndipo ankanena zochepa: kuti sakonda phokoso la masupuni, kuti akati 5 koloko ndi 5 koloko.

Koma Atelala, ikafika nthawi yawo, ankaimitsa makina n'kuchotsa mapini pakamwa.

"Ndamulotanso."

"Malemu kapena Nsikidzi?" ankafunsa Wailesi, akusendeza mpando.

"Nsikidzi. Ndinamumeta mbali imodzi n'kumusiya ayende choncho mpaka pa depoti."

"Osameta zonse bwanji?"

"Mpala ena umawakhala, asisi. Mbali imodzi sinamukhalepo munthu."

"Atelala," Anesi ankalowererapo, "tinakambapo kuti kusunga mkwiyo kuli ngati..."

"Kufumbata makala a moto, ndikudziwa. Ine ndakula ndikusita ndi makala, Anesi. Ndimadziwa pogwira."

Chipinda chonse chinkafa ndi phwete, ndipo amayi ena ankati chimawadzutsa Lachinayi ndi kumeta kwa Atelala. Tsiku limodzi lokha ndi lomwe sanaseketse anthu. Anafotokoza kuti Malemu asanayambe, ankavula wotchi, kuiika bwinobwino patebulo kuti isasweke, kenako n'kupinda mkono wa malaya. Tsiku limenelo Chete anapita kuchimbudzi n'kukachedwako. Palibe anaganizapo kanthu. Muno anthu ankachedwa kuchimbudzi kawirikawiri.

Miyezi inapita. Zovala za Chete zonse zinachira, mpaka mapilo ndi kansalu kophimbira wailesi yakanema. Ndiye Lachinayi lina anafika mochedwa, atakumbatira jumbo yaikulu, ndipo mmalo mopita pafupi ndi makina anakhala pakhomo, pa mpando wothyoka mwendo womwe unkasiyidwira ochedwa.

"Abwana akuti popeza ndimakonda kwa telala, ndibweretse ili," anatero, maso ali pansi. "Likulitsidwe m'chiuno. Akulifuna 5 koloko."

Jumbo inadutsa m'manja mwa amayi mpaka pakona. Atelala anasolola buluku la suti, lotuwa. Manja analizindikira maso asanalione. Analikutumula, n'kulinganiza miyendo: wa kumanzere unali wofupikirapo ndi theka la inchi. Anatembenuza m'chiuno. Pamenepo panali kamtanda ka ulusi wofiira, chizindikiro chomwe azakhali awo anawaphunzitsa kuika pa chovala cha munthu wa m'nyumba.

Mayi yemwe ankalankhula za Chimphepo anasiyira pakati. Ngakhale Wailesi anamva kuti mphepo yasintha.

"Mwana wanga," anatero Atelala, mawu ali pansipansi, "Abwana akowo amavala wotchi?"

Chete anagwedeza mutu.

"Amaivula?"

"Amaiika patebulo."

"Makatani achikasu?"

"Alipo, amayi. Ndimawachapa pamanja kuti asasuluke."

"Mayo ine!" Wailesi anagwira m'mutu. "Nsikidzi yathu ndi yomweyi? Chikhalirecho tikuiseka ili pompano?"

"Wailesi, zima," anatero Anesi.

Atelala sanachotse maso pa Chete. "Unadziwa liti?"

"Tsiku la wotchi lija."

"Miyezi isanu ndi iwiri! Ine kumakumeta mbali imodzi Lachinayi lililonse, iwe phee, ukundilowetsera ulusi?"

"Kwina kopita kunalibe, amayi."

Sizasi inali kale m'dzanja lawo, sanadziwe kuti aitola nthawi yanji. Zaka zisanu ndi chimodzi akupempherera tsiku limeneli, ndipo Mulungu, yemwe nthawi zina amayankha ngati akukuseka, anawabweretsera zonse ziwiri pakamodzi: buluku pamiyendo, Nsikidzi pakhomo. Kungoti khe, kuchokera m'chiuno mpaka kumpendero, basi. Anamva kukoma kwake mpaka m'mano. Koma pakhoma panali wotchi ya chipatala, ndipo inkati 4 koloko yatsala pang'ono. Atelala ankadziwa kuposa wina aliyense m'chipindamo chomwe chimachitika 5 koloko buluku likafika lili zidutswa, kapena likangofika mmene linachokera. Malemu sakanalira. Akanavula wotchi.

"Unali ndi zaka zingati?"

"Khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anandiuza kuti inu munathawa ndi dalaivala wa lole."

"Ine? Ndi dalaivala?" Atelala anayang'ana amayi onse mmodzimmodzi. "Anali wooneka bwino koma?"

Wina anaseka mwangozi n'kudzitseka pakamwa. Chete anakoka mkono wa juzi kuti ufike pa zala, ndipo Atelala anaona kakokedwe kake. Ndi mmene iwonso ankakokera.

"Nthawi, Atelala," anatero Anesi.

Sizasi inatsika. Inalowa pansi pa msoko wa kumbuyo n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi, nsalu osaikhudza.

"Ukudikira chiyani pakhomopo? Bwera ulowetse ulusi. Wotuwa."

Buluku limenelo linasokedwa ndi matemberero omwe sitingawalembe pano. Atelala ankapukusa makina ngati akupotokola khosi la munthu. "Mainchesi anayi! Wanenepa galuyu. Ife tikuuma, iye akufufuma." Mayi wina atafunsa mwamantha ngati Abwana sakazindikira dzanja la wosoka, Atelala anafwenthera. "Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi ndikumusokera, sanatembenuzepo chovala. Amayesa mabatani amamera okha." Itangodutsa hafu 4, buluku linali m'jumbo, lopindidwa bwino. Analipereka osamuyang'ana Chete kumaso.

Sabata imeneyo ometa tsitsi anadandaula kuti Atelala sakuyankha moni. Lumbiro loyamba anali ataliphwanya ndi manja awo omwe, lachiwiri lilibenso mwini. Mkwiyo wa zaka zisanu ndi chimodzi unali ngati mlendo wofika pa nyumba n'kupeza eni ake anasamuka. Unazungulirazungulira, kenako unatenga katundu wake yense n'kukatula pa khomo limodzi lotsalalo, la Malemu.

Lachinayi lotsatira amayi anabwera msanga kudzaona ngati Atelala abwere. Anabwera. Anaika patebulo zinthu ziwiri: kiyi, ndi kampukutu ka ulusi wotuwa ka m'kabokosi ka azakhali awo, kakale moti kankaduka ukangokayetsemulira.

"Kiyiyu ndi wa chipinda changa cha kumbuyo," anauza Chete. "Sindikukufunsa kuti bwanji osangochokako, Anesi asandidye. Ndikungoti kiyi ndi uyu. Ukadzati wakonzeka, udzandibweretsere buluku lija kachiwiri."

Chete anamuyang'ana kiyiyo nthawi yaitali. Kenako ananena mawu ambiri kuposa onse omwe ananenapo chibwerere. Mwezi wa mawa, Loweruka loyamba, kampani idzapereka mphoto kwa omwe agwira ntchito zaka makumi awiri ndi zisanu. Abwana adzavala suti ija. Adzachoka 9 koloko m'mawa, kubwera madzulo, ndipo iye anamuuza kale kuti asapite nawo, angakawachititse manyazi.

"Pali nsanja?" anafunsa Atelala.

"Ya masitepe anayi."

"Ambuye ndi abwino."

"Muno sitibwezera," anatero Anesi, akuyang'ana pamwamba pa magalasi. Anaona ulusi, anaona kiyi, anaona nkhope khumi zikuwayang'ana ngati ana opempha kukasewera. "Ine ndikaone ngati madzi abwera kumpopi." Madziwo anakawaona kwa theka la ola.

Lachinayi la sabata ya mphoto, Chete anabweretsa buluku ponena kuti mpendero wamasuka. Atelala anamasula msoko wonse wa kumatako n'kuusokanso ndi ulusi wa azakhali. Anawerengera bwino: munthu ataima ugwira, akamayenda ugwira, koma akangokweza mwendo pa sitepe, kapena kuweramira abwana ake, dziko lonse lidziwa mtundu wa kabudula wake wamkati. Ndipo podzafika kunyumba kudzafuna womuvulira wotchi, adzapeza mpando wokha.

Loweruka, Wailesi anapita ku mwambowo pa dzina la kasitomala wake wina. Atelala ndi Anesi anafika pa nyumba ija 10 koloko m'mawa ndi galimoto ya mlongo wawo wa Anesi. Chete anatuluka ndi chikwama chimodzi ndi envulopu ya mapepala ake. Atelala anali atanena kuti salowa. Analowa. Pabalaza panali pang'ono kuposa mmene ankapakumbukira, ndipo makatani aja anali atasuluka ndithu, timaluwa tikuoneka ngati madontho a tiyi. Anakwera pa mpando n'kuyamba kuwamasula.

"Asiyeni, nthawi!" anakuwa Anesi ali pakhomo.

"Adzuke dzuwa lili kumaso," anayankha Atelala, akumasula lachiwiri.

Pomwe inkakwana 4 koloko Chete anali atagona tulo m'chipinda cha kumbuyo, nsapato osavula. Atelala anakhala pakhonde kudikira nkhani, atavala diresi ya kutchalitchi. Wailesi anatulukira akuyenda pang'onopang'ono, zomwe sizinali zake.

"Tanena, asisi. Linayambira pati?"

"Anakwera masitepe onse anayi."

"Eya?"

"Anawerama katatu. Satifiketi inamugwa, anaitola. Kenako anavina, Atelala. Mpaka pansi."

"Ndiye?"

"Ndiye basi."

"Ngakhale kaphokoso?"

"Zii. Mkazi wa abwana ake anachita kumufunsa kuti amasoketsa kuti."

Atelala anatambasula manja awo n'kuwayang'ana ngati agwira wantchito akuba. Anakumbukira: atafika kumapeto kwa msoko anabwerera, n'kudutsanso kachiwiri, monga ankachitira tsiku lililonse kwa zaka makumi atatu ndi mphambu. Mutu unkafuna kubwezera, koma manja anali a azakhali. Nkhaniyi itafika ku gulu, amayi anaseka mpaka mmodzi anagwa ndi mpando wothyoka uja.

Koma Abwana sanaseke. Anayamba kuoneka pa geti ya chipatala, pa depoti, pafupi ndi saluni, akufunsa anthu mwaulemu ngati aonako mkazi wake wodwala maganizo. Anesi anatenga Chete n'kupita naye kukhoti kukapempha chikalata chomuletsa kuyandikira. Pobwera anauza Atelala mosazungulira kuti munthu uja akakana zonse, ndipo ali ndi nkhope yomwe anthu amaikhulupirira. Pakufunika wina woti anene kuti sanayambe lero.

Atelala ankatha kumeta anthu m'maloto pamaso pa amayi khumi, koma kunja kwa kachipinda kaja anali asanauzepo munthu chilichonse. Ngakhale mng'ono wawo ankadziwa za nyamakazi. Anati aganize kaye. Anaganiza masiku awiri, akusoka mayunifolomu a sukulu, ndipo lachitatu anafunsa kuti kukhotiko amayamba nthawi yanji.

Malemu anafika atavala suti yotuwa ija. Anapereka moni kwa alonda, kwa kalaliki, kwa aliyense. Anauza woweruza, mayi wa imvi za m'mbali, kuti iye ntchentche sanaiphepo, kuti mkazi wake ndi mwana, anzake oipa amupotoza mutu. Ankalankhula bwino moti Wailesi, ali kumbuyo, ananong'ona kuti akanakhala wosadziwa akanamupatsa nambala. Kenako kalaliki anaitana mboni, ndipo Malemu atatembenuka anaona munthu yemwe anathawa ndi dalaivala wa lole.

Atelala anaima. Pakamwa panalibe pini, koma mawu anatulukirabe mbali imodzi. Anakweza chala chija kuti woweruza achione, natchula chitseko, chaka ndi mwezi. Ananena za nthiti, za dzino, za zinthu zina zomwe mkazi sayenera kukakamizidwa ngakhale ndi mwamuna wake. Anagwira thabwa la kutsogolo kwawo ngati mmene amagwirira nsalu yoterera.

"Ndipo asanayambe, amayi oweruza, amavula wotchi. Amaisamala kwambiri wotchi imeneyo. Sinaswekepo."

Chete anali atanena zomwezo m'mawa womwewo, Atelala ali panja. Dzanja la Malemu linapita lokha kukaphimba wotchi ya pamkono. Woweruza analiona dzanjalo, nalemba kanthu.

Chikalata chinaperekedwa. Asayandikire Chete, asamuimbire foni, asatume munthu, ndipo za mabala zikapitirira kupolisi. Panatsala kusaina. Tebulo la kalaliki linali lalifupi, la miyendo yofika m'mawondo, ndipo mpando panalibe. Malemu anatenga cholembera, natembenuzira msana ku khoti lonse, nawerama.

Atelala anatsamira kutsogolo. Chete anawagwira mkono. Amayi asanu ndi awiri a Lachinayi, omwe anangopezeka kuti onse ali ndi zochita pafupi ndi khoti tsiku limenelo, anasiya kupuma.

Poyamba kanali kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akuthyola kamtengo ka machesi. Kenako ulusi wa azakhali unasiya ntchito wonse pakamodzi, phwee, kuchokera pa lamba mpaka pakati pa miyendo. Kabudula anali wa mizeremizere yobiriwira. Woweruza anayang'ana kudenga. Anesi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta, mapewa akugwedezeka. Wailesi anachita kutulutsidwa ndi alonda.

Malemu anatuluka m'khoti cham'mbali ngati nkhanu, jekete atalimanga m'chiuno, ndipo aka kanali koyamba kudutsa pa anthu osapereka moni.

Ali panja, amayi anawazungulira Atelala, wina kuwakumbatira, wina kulira. Iwo nkhope inali yosakondwa kwenikweni.

"Masabata atatu," anatero. "Ndinaupangira tsiku limodzi, wakhala masabata atatu. Pena luso limapweteketsa."

Masiku ano pakhonde paja pali makina awiri. Achiwiriwo amaphimbidwa ndi nsalu yachikasu yosuluka, ya timaluwa tooneka ngati madontho a tiyi. Kasitomala akafunsa za chala, Atelala amati ndi chitseko, ndipo akafunsanso amamuuza ndi wokankha yemwe, mpaka munthu amaiwala kuti anabwerera zipi. Mtsikana wowonda wa pambali pawo, yemwe anasiya kuvala juzi dzuwa likuswa mtengo, amasoka mpendero wokhota pang'ono, ndipo amamva zake.

"Masula uyambirenso, Nsikidzi iwe. Koma uyambe wandilowetsera ulusi."